Siginecha ya Mchira wa Nkhumba

14 Okutobala

Okondedwa a Bwana, mwana wanga,

Ndayamba ndi ulemu chifukwa masiku ano munthu sudziwa kuti kalata yako ikagwera pa desiki ya ndani. Kuno tili bwino, kupatula bondo langa limene lapuma pantchito osanditsanzika, ndi mayi ako amene mphamvu zonse zinasamukira pakamwa.

Nkhani ndi ya mng'ono wako. Lachisanu ku fakitale ya sopo anawasonkhanitsa m'chipinda chodyera, anthu makumi atatu, n'kuwagawira makalata ochokera ku likulu. Akuti aliyense wogwira makina akhale ndi satifiketi ya sekondale. Zaka khumi ndi zisanu wakhala akudula sopo, zala zonse khumi zilipo, lero akuti makina akufuna wophunzira. Kaya ayamba kufunsa mafunso.

Abweretsa amuna a mataye ochokera kwanuko, malipiro awo kuwirikiza kawiri ake. Mmodzi tsiku loyamba anafunsa pozimitsira makinawo. Ndiye mng'ono wako amupatsa milungu iwiri kuti awaphunzitse, akatha azipita. Ndinaseka mpaka kutsokomola, mbuli yasanduka mphunzitsi. Paja amati kuno malipiro ndi ochepa chifukwa zinthu n'zotchipa. Ndazungulira msika wonse ndi ndodo yanga, chotchipa chimene ndapeza ndi anthu okha. Nanga mwana wa munthu wotchipa sukuluyo aimaliza ndi chiyani?

Kalatayo ndinaiwerenga ndi magalasi a mayi ako. Mawu ena anandipitirira, koma pansi pake sindinafune magalasi. Dzina palibe, pali udindo chabe ndi siginecha ya mchira wopindika ngati wa nkhumba. Mchira umenewo ndi wanga. Ndinakuphunzitsa ndine pachikuto cha kope, tsiku lija ndinagamula kuti sukulu upitirize ndiwe, mng'ono wako akalowe ntchito kuti fizi izipezeka. Wokhoza masamu anali iyeyo, ukudziwa. Ndinasankha iwe poti ndiwe wamkulu, iye n'kumuseketsa kuti asalire. Pa nthabwala zanga zonse, imeneyo ndiyo imanditsamwa.

Mayi ako sindinawauze. Akutukwana "munthu wa ku likulu" m'mawa ndi madzulo, mpaka mayi amene anamubereka, ine n'kumangoti ameni.

Ndalama usatumize. Ndikupempha cholembera chomwecho, poti chinalemba chikhoza kulembanso. Milungu iwiri ija ikutha pa 28.

Mayi ako akuti uzidya mokwanira, pachithunzi ukuoneka wowonda. Alamu ako ndi ana akupereka moni. Mng'ono wako ndinamufunsa ngati ali ndi mawu. Anapukuta nsapato zake za kuntchito, kenako anati, "Mukawauze achimwene kuti dzanja lawo silinasinthe."

Ndine bambo wako wa pulayimale. Ubambowu ndaugwira zaka makumi anayi popanda satifiketi. Ngati nawonso wayamba kufunika pepala, undidziwitse msanga ndiyambe kulongedza.

Wako,
Mwini mchira