Makutu a Ahedi

Lolemba, 3 Marichi
Ahedi akuti Lachisanu adzakhala m'kalasi mwanga. Akakhutira andilemba ntchito yokhazikika, apo ayi ndizipita.

Ndayamba mutu wa ubale wa zamoyo. Nditanena kuti ng'ona ndi m'bale wapafupi wa nkhuku kuposa buluzi, kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ana awa amakhulupirira zilizonse za pafoni, koma ine ayi.

Lachiwiri, 4 Marichi
Ndawafotokozera kuti chizindikiro chosowa chikapezeka pa zamoyo zingapo, timaganizira kholo limodzi. Ndawauza kuti gulu lililonse lijambule mtengo wa ubale wa zamoyo zomwe akuzidziwa bwino. Pakamwa pangapa.

Lachitatu, 5 Marichi
Gulu la Loya, mtsikana wosagonja pa mtsutso uja, lasankha zamoyo za m'kalasi momwemo. Ayeza mphuno, mipata ya mano, makutu. Ana atatu a amayi osiyana agwera panthambi imodzi chifukwa cha makutu opindikira kutsogolo. Patsinde ajambulapo munthu wa tayi, dzina osalemba. Sukulu yonse ino makutu amenewo ali ndi mwini mmodzi.

Ndati achotse chipepala chawocho. Loya akuti, "Madamu, talakwitsa pati?" Chondiwawa n'choti sanalakwitse paliponse. Ndi okhawa amene amvetsa phunziro.

Lachinayi, 6 Marichi
Ndabisa chipepalacho kuseri kwa kabati.

Lachisanu, 7 Marichi
Ndalowa ndi Ahedi n'kupeza chipepala chija chili pakhoma, chomata bwinobwino. Anachiyang'ana nthawi yaitali, dzanja likupita lokha kukhutu. Atatu aja maso pansi.

"Aphunzitsi," anatero mofatsa, "tafotokozerani ana. Apa pali ubale, kapena n'kufanana chabe?"

Ndinaganiza za miyezi yonse yomwe ndinakhala pakhomo ndi digiri yanga. Ndiye ndinati n'kufanana chabe, monga mapiko a mleme ndi a mbalame, aliyense anapeza ake payekha. Ndinafotokoza mokoma kuposa tsiku lina lililonse, mpaka Ahedi anawomba m'manja.

Potuluka anandigwira chanza, akuti ntchito ndi yanga. Ndinachita manyazi mpaka kumapazi.

Mmodzi wa atatu aja, mnyamata wosayankhulayankhula, anatsalira ena atatuluka. Anafunsa ngati yankho limenelo ndi lomwe alembe pamayeso.

Ndinati inde.