Makina a Mayi pa Leilau

Lachinayi, ku Insaca. Kwatentha tsiku lonse, koma maso anga sanachoke pa foni.

Dzulo ndinaika makina osokera a malemu mayi pa gulu la malonda la pa foni, lomwe amati leilau. Makinawa akhala zaka akuchita dzimbiri kuseri kwa chitseko. Malonda ake ndi odabwitsa. Kumsika wogula amadandaula, iwe n'kumuchotsera. Kuno ogula amapikisana kukweza okha mtengo. Woyamba atangotchula wake, ndinamuyankha kuti, "Bwerani mudzatenge, ndikuikirani ndi ulusi wa basela." Woyang'anira gulu anandidzudzula, akuti ndidikire mpaka Loweruka.

Chandizunguza ndi nambala ina yachilendo. Wina akakweza, iyo ikukwezanso pompo. Masana ndinaiimbira kuti ndimve mwini wake. Anayankha ndi alamu, akazi a achimwene a ku Cuamba. Akuti achimwene abwereka foni yawo kuti ndisawazindikire.

Achimwene omwewo nditawafunsa za makinawa mwezi watha anangoti, "Gulitsa, n'chitsulo chabe." Chonsecho ndi iwo anasenza makinawo pamutu pobwerera kuno nkhondo itatha, kuchokera ku Malawi komwe tinathawira.

Bwanji osangonena? Loweruka ndi mkuja. Kaya ndiwauze kuti ndadziwa, kaya ndingowasiya apambane.