Fodya wa alongo m'matumba a simenti

Lachiwili, mwezi wa Meyi. Kwazizila, ndipo mtima sunakhazikike tsiku lonse.

Ndakumbuka atate ali pakhonde, akung'amba matumba a simenti, kuwakutumula fumbi, n'kutikutila mabuku a kusukulu. Kwathu pepala silinkatayidwa.

Alongo anga a ku Mphamba nawonso sanaiwale. Pepala la khaki lokulungila mabelo a fodya limachokela ku Joni, ndipo akuti lole yake yakanilila pamalile ku Chilundu. Atatopa kudikila, alongo anakulunga mabelo awo m'matumba a simenti. Wogula ataona fumbi loyela pamasamba, anawabweza onse.

Alongowo abwela madzulo ano pa njinga, milomo ili gwa.

"Adumbu, mlongo wanga, inu olemba mabuku, tandiuzani. Mitengo yonseyi kuno, koma pepala mpaka likwele lole kuchoka ku Joni?"

Ndangowathilila tiyi.

"Atate akanandiseka," anatelo.

"Akanayamba akuthandizani kukutumula," ndinayankha. Anaseka pang'ono, kenako anayang'ana kumbali.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti fodya akuumilatu m'shedi, wayamba kufumbutuka. Msika ukatsekedwa asanagulitse, thukuta la chaka chonse lapita.

Mlangizi wa kampani yogula fodya, amene wakhala akutizemba, watumiza uthenga tsopano. Tikakumana naye Lachisanu kuno ku boma, aone ngati masambawo angapukutidwe n'kumangidwanso. Alongo akuti ndivale jekete, ndikawalankhulile chizungu. Ndavomela. Koma akalola kuti timangenso, timangila chiyani, pepala likadali pamalile...