Mzere Woyera wa Pakhomo

14 Okotobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, ntchito yopenta ikupezeka mwa apo ndi apo.

Ndikulemba pa nkhani tinagwirizana ija, yoti kumapeto kwa mwezi uno mudzatenge Kadona azikakhala kwanu kuti mayi ake apumeko. Paja ndinakuuzani kuti mlamu wanuyu watheratu. Mwana wamkulu kale koma woti sungamusiye yekha ngakhale popita kosamba, amatopetsa. Koma imvani kaye zomwe zachitika.

Anesi a kuchipatala anatilozera ku bwalo lina kumene ana aulumali wa ubongo amachita masewero Loweruka lililonse. Ine ndinapitako mokokedwa. Kochi wake ndi mayi wamfupi, wamawu aakulu, ndipo lamulo lake ndi limodzi basi: mwana m'bwalo, kholo pabenchi. Tsiku loyamba mlamu wanu ankangodzukadzuka kufuna kukapukuta Kadona malovu, kochi n'kumati, "Mayi, khalani pansi, pano ndi wanga." Atakhala, tulo tinamuba pomwepo, kukamwa yasa, mayi wina atamugwirira chikwama. Palibe anaseka. Azimayi a pabenchipo amasungirana ana mkati mwa sabata, moti mlamu wanu wayambiranso kupita ku saluni masiku ena. Ine kochi atangomva kuti ndine wopenta anandikakamiza ntchito yolemba mizere ya m'bwalo, yaulere, osandifunsa n'komwe.

Loweruka lapitali kunali mpikisano wothamanga. Achimwene, mwana wanu uja ndi liwiro, miyendo ija ndi yakwathu! Anawasiya kutali anzake, koma atafika pa mzere womaliza anangoima njii, nsapato zitagunda penti, n'kutambasula dzanja. Anthu kukuwa, "Dutsa! Dutsa!" iye osasuntha. Anzake onse anamupitirira.

Wodziwa chifukwa chake ndinali ine. Chichitikireni zija anatsala pang'ono kugundidwa ndi galimoto, ndinalemba mzere woyera pakhomo la nyumba n'kumuphunzitsa, nthawi zina ndi kamkwapulo, kuti asamaudutse popanda dzanja la munthu wamkulu. Ndiye wa m'bwalowu ndinalembanso ndine, penti wake yemweyo.

Ndinathamanga kuti ndikamukoke, kochi n'kunditsekereza. "Bambo, osamugwira. Kaimeni mbali inayo, mumuitane." Ndinakaima, n'kuitana mpaka mawu kusasa. Iye kuyang'ana pansi, kuyang'ana ine, dzanja lili chitambasulire. Mayi ake anabwera kudzagwada pambali panga, makolo ena nawonso. Pamapeto pake Kadona anadutsa, womalizira, kenaka n'kudziphimba kumutu ndi manja kudikira kumenyedwa. Zinandipweteka, sindikubisirani.

Ndinafuna kukafufuta wa pakhomo uja tsiku lomwelo, koma kochi anakana. Akuti msewu sunasamuke, ndipo kusiyanitsa mizere iwiriyi timuphunzitsa pang'onopang'ono, iye m'bwalo, ife kunyumba. Akuti zitenga nthawi.

Choncho achimwene, musavutike kudzamutenga. Sikuti zinthu zapepuka ayi, dzulo lomweli waswa galasi la pazenera. Koma ntchito imeneyi ndinaiyamba ndine, sindingakutumizireni ili theka.

Ulendo wokhawo musausinthe, bwerani ndithu, ndipo ngati n'kotheka mufike Lachisanu. Mundiperekere moni kwa ana, ndipo alamu muwathokoze kwambiri chifukwa cha chipinda anakonza chija. Kadona ndamuuza kuti atate ake aakulu akubwera, wayamba kale kupukuta nsapato zake zothamangira. Mlamu wanu nayenso akupereka moni, akuti wakusowani. Iye akudziwa kuti mukubwera kudzangocheza. Zoti ndinakupemphani kuti mudzatenge mwana wake sindinamuuze, ndipo chonde musadzazitchule.

Ndine mng'ono wanu.