Mbozi za m'munda mwa mayi ake a Rozita

Lachinayi, Januwale, ku Chifunde. Mtima sukukhazikika lero.

Ndinachoka ku Malawi kudzaphunzitsa Chingerezi kuno, koma mtima wanga uli pa kafukufuku wa zaulimi, ndipo olemba ntchito amafunsa zimene munthu unachitapo. Ndiye ndinauza ana kuti abweretse mbozi za m'chimanga, ndikunamizira phunziro. Zoona zake, ndinkafuna cholemba m'kalata yofunsira ntchito.

Lero Rozita wa m'kalasi mwanga wabwera wapansi ndi mayi ake, atasenza chimanga chozula ndi mizu yomwe. Mayiwo anagwada n'kuti, "Aphunzitsi, tamva kuti mukufufuza mbozizi. Mankhwala ake mutipatsa liti?"

Ndinangoti ndiona. Mbozizo ndaziwerenga, ndazijambula, zili m'botolo pawindo. Mayiwo akuti abweranso Lolemba.