Uthenga Unafika Lachiwiri

Amayi anga,

Kodi kumene muliko mukupezako bwanji? Ine ndili kuno kumudzi, ndinafika Loweruka. Ndikulemba nditakhala pakhonde panu, mapepala ndawapsinja ndi mwala chifukwa mwera wavuta chaka chino.

Ndiyambe ndi zabwino, monga munkafunira. Mdzukulu wanu Maliya, mwana wa mlongo wanga Esitere, anabereka mwana wamkazi mwezi wa Meyi, ndipo anamutcha dzina lanu. Mphumi ndi yanu yeniyeni, ndipo akalira mudzi wonse umadziwa. Atsibweni ku Chitala akolola bwino, nkhokwe yadzaza, ngakhale anankafumbwe ayamba kale kuwasowetsa mtendere. Ku chilumba cha Mbenji akupha utaka wambiri. Thandala lanu silinagone, Esitere akuyanikapo nsomba, ndipo amaphimba madengu ndi zitenje zanu zitatu zija za zipani zitatu. Anthu akamuseka amawayankha momwe munkayankhira inu, kuti nsalu ndi nsalu. Denga la kuchipinda kwanu likudontha pakona. Ndapima kale malata ake, kawiri.

Koleji itsegulidwa pakatha masabata awiri, ndiye ndabwera ndi ntchito yanga. Mukumbuka kuti chaka chatha anandipatsa phunziro latsopano, lophunzitsa ana a chaka choyamba kuteteza makompyuta ndi zomwe anthu amasungamo. Nditakufotokozerani munati, "Ndiye kuti sukulu yonse ija unkaphunzira ulonda." Sindinapezebe mawu oposa amenewo.

Phunziroli ndi la masabata khumi ndi anayi, ndipo sabata iliyonse ndimailembera pepala lakelake. Timayamba ndi pasiwedi, mawu achinsinsi otsegulira kompyuta, chifukwa ana ambiri amangoikapo dzina la bwenzi lawo. Kenako mavairasi, matenda amene amayenda m'madisiketi, timbale tosungiramo ntchito, mwana akabwereka kwa mnzake, ndipo pamenepa ndimatha masabata awiri chifukwa makompyuta athu ndi khumi ndi imodzi yokha, ana amachita kusinthana. Pamabwera za kusunga makope awiri a chilichonse, mayeso apakati, za maloko ndi yemwe ayenera kusunga kiyi wa chipinda. Kumapeto kuli imelo, imene yangofika kumene kwathu, ndi njira zobisira kalata kuti wapanjira asaiwerenge. Ndasiya masiku atatu opanda kanthu, poopa kuti magetsi adzathima kapena ana adzanyanyala, poti masiku ano aliyense ali ndi ufulu. Mukanandiona mukanati ndidye kaye, mapepala sazizira.

Mapepala khumi ndi atatu ndamaliza. La sabata yachisanu ndi chinayi likadali loyera, ndipo ndi chifukwa chake ndakulemberani.

Amayi, pamaliro panu ndinanama.

Sabata imeneyo ndimaphunzitsa za chinyengo. Wakuba wochenjera salimbana ndi kompyuta, amapusitsa munthu amene akuisamala. Chaka chatha ndinafuna kuti ana aone zimenezi ndi maso, osati pabolodi pokha. Ndinawagawa m'magulu n'kuwauza kuti pofika Lachisanu, gulu limene lidzandichotse m'chipinda cha makompyuta mwabodza, n'kusiya chitseko chosakhoma, lidzalandira malikisi ambiri. Ndinadziona wanzeru kwambiri. Lolemba anabwera ena atavala maovolosi, akuti atumidwa kudzaona mawaya. Ndinawazindikira ndi nsapato. Ena anabweretsa kakalata koti akuluakulu a koleji akundifuna msanga, koma siginecha inali yopotoka.

Lachiwiri cha m'ma teni koloko, mayi amene amalandira mafoni mu ofesi yathu anandibweretsera kapepala. Panalembedwa kuti foni yachokera ku Salima, amayi anu adwala kwambiri, bwerani lero.

Ndinaseka, Amayi. Ana aja ankakudziwani. Ndinkakutchulani m'kalasi pafupifupi tsiku lililonse, za nsomba zanu, za Khombedza, za momwe munkamangira kiyi pa ngodya ya chitenje. Ndinaganiza kuti atola zomwe ndinawapatsa ndekha, n'kunyengerera mayi a mu ofesi kuti awathandize. Mayiwo anandiyang'ana n'kunena kuti iwo sachita masewera ndi matenda a makolo. Ine ndinawayamikira kuti akusewera bwino mbali yawo.

Kapepalako ndinakakhoma pabolodi. Lachitatu ndinaima patsogolo pa kalasi n'kukawerenga mokweza. Ndinati gulu limene lachita izi laganiza mozama, koma lapyola malire, liimirire. Palibe anaimirira. Mtsikana wina wokhala kutsogolo ananena motsitsa mawu kuti mwina aphunzitsi mungoimba kumudzi. Ndinamuyankha kuti ndi zimene wachinyengo amafuna, kuti mtima uthamange mutu usanaganize. Zimenezo zinali m'manotsi anga. M'manotsi omwewo, mzere wotsatira, ndinalemba kuti uthenga ukakukayikitsa, ufunse kudzera njira ina. Mzere umenewo ndinawaphunzitsa bwinobwino. Koma kumudzi kulibe foni, kukwera basi kukanatanthauza kusiya chipinda, ndipo ndinalemba m'buku langa kuti Lachisanu, zoyeserera zikatha, ndidzafufuza. Ndinalembadi, ndi inki yofiira.

Inu munatisiya Lachitatu lomwelo masana. Esitere akuti munafunsa kawiri ngati basi ya ku Lilongwe yadutsa. Lachinayi atsibweni anandipeza m'chipinda chija ndikupukuta makompyuta, kiyi ali m'thumba.

Titafika kuno, anthu atadzaza pabwalo, Esitere anandigwira malaya akulira, n'kufunsa kuti achimwene munali kuti. Ndinati uthenga sunandipeze, ndamva lero kwa atsibweni. Mawuwo anatuluka okha, ndipo onse anandikhulupirira, poti ndine wophunzira wa pabanja pano, amene salakwitsa tsiku kapena ola.

Chimene sindinachiganizire ndi chakuti bodza langa lidzagwera munthu. Amene anatumidwa kukaimba foni anali a Yasini, a golosale ya ku Khombedza, omwe munkasungitsa madengu anu kuseri kwa kauntala yawo zaka zonse zija. Esitere anawapempha iwo chifukwa amadziwa kuimba mafoni akutali. Anatseka golosale, anakwera matola mpaka ku boma, anaimba, anabwerera. Kuyambira pamaliro, Esitere amati a Yasini sanapite n'komwe, anaopa kutaya makasitomala. Sawapatsa moni. Maliya atabereka, akazi a a Yasini anabwera ndi sopo ndi kansalu, Esitere anawabwezera pakhomo. Azimayi a kutchalitchi kwanu ambiri anasiya kugula kumeneko, ndipo nkhaniyi yayamba kumveka ngati ya Akhristu ndi Asilamu, chinthu chimene inu simukanachilola ngakhale tsiku limodzi. Zonsezi ndinkazimva m'makalata a Esitere. Ndinkawawerenga, n'kuwaika mu fayilo motsatira masiku.

Dzulo ndinapita ku Khombedza kukafuna misomali ya denga lija. Ndinazungulira msika wonse kuti ndisadutse pa golosale yawo, koma misomali ya malata inapezeka kwa iwo okha. Akalamba, Amayi. Mashelefu ena ali mbee. Anandilandira ndi manja awiri, anafunsa za ana ndi mayi awo, anandiyezera misomali, anaikulunga m'nyuzipepala. Ndinkayembekeza kuti andinyoza, ndipo mwina ndikanapepukidwa. Pondipatsa phukusilo anati:

"Aphunzitsi, ine ndinaimba Lachiwiri. Mayi amene anayankha anandiuza dzina lawo, ndipo ndikulikumbuka. Koma maliro anali a mayi anu. Sindikanakuvulani pamaso pa anthu."

Ndinalandira phukusilo. Anandifunsa ngati misomaliyo ikwana, kapena awonjezere.

Chaka chonse ndakhala ndikudziuza kuti chimene chinalakwika ndi kakonzedwe ka phunziro. Ndinalemba malamulo atsopano asanu ndi awiri: zoyeserera zisakhudze matenda kapena maliro, pakhale mphunzitsi wina wodziwa mabodza onse amene ana akonza, ndi ena otero. Ndi malamulo abwino, ndipo mwina ndidzawagwiritsa ntchito. Koma ndikati ndiwakopere pa pepala loyera lija, dzanja limakana. Ndingaime bwanji pamaso pa ana makumi anayi kuwaphunzitsa kuzindikira wabodza, pamene mlongo wanga akudana ndi munthu wosalakwa chifukwa cha ine?

Ndikuopa, Amayi. Esitere ndi amene anakusambitsani, ndi amene anakutsekani maso. Akadziwa kuti ndinali ndi kapepala m'manja tsiku lathunthu inu mukadali moyo, n'kukakhoma pabolodi, sindikudziwa ngati adzanditchulanso achimwene. Panopa ali kuseri akutembenuza utaka, akuimba nyimbo ya kwaya yanu, ndipo wandifunsa kumene ngati ndikufuna tiyi. Ndayesa kukonza mawu oti ndimuuze, ndalemba n'kufufuta kanayi. Palibe kakonzedwe kamene kakuchepetsa kanthu.

Sindikupemphani kuti mundikhululukire lero. Munadikira basi imene sindinakwere, ndipo zimenezo sindingazikonze. Koma za a Yasini ndingathe. Ndikamaliza kalata ino sindiiwerenganso kuti ndione zolakwika. Ndipita kuseriko ndikamuuze Esitere zonse, kuyambira Lachiwiri. Mawa ndipita ku Khombedza nthawi imene msika wadzaza, kaya iye anditsatira kaya ayi, ndipo ndikapepesa kwa a Yasini mokweza, pakhomo pa golosale yawo, kuti amene anamva bodza lija amvenso izi. Sindikwera minibasi yobwerera ku Lilongwe ndisanachite zimenezi. Ndalonjeza kwa inu.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndinachedwa.

Ine mwana wanu,
Lasitoni