Tibotolo Khumi ndi Tinayi ta Achemwali Annette

Sisitala Annette Gwanda a ku Kawale 2, anatisiya pa 9 Ogasiti 1995

Achemwali, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Ndine mlongo wanu Medson, yemwe uja munkati pakamwa pake sipadziwa tchuthi. Sindinasinthe. Ndinayamba ndi wilibala imodzi pamsika wa Kawale, lero ndili ndi malole anayi, ndipo Joni, Harare, Beira ndi Dar es Salaam ndimapondako ngati ndikupita ku Biwi. Koma lero ndikudzitama ndi china: mu Lilongwe muno mulibe mwamuna amene anakhala ndi mlongo woposa wanga. Wotsutsa awerenge mpaka pansi.

Mukukumbuka 1993, pamene chitsulo cha lole chinandicheka mwendo ku Tete? Ine katswiri ndinathira pabalapo mafuta a mabuleki, ndinamanga ndi sanza, ulendo unapitirira. Tsiku lachisanu mkazi wanga Jemima, mlamu wanu, anandibweretsa kuchipatala kwanu ndili pa pikapu, mwendo utatupa, ndikubwebweta za kasitomu. Tizilombo tinali titalowa m'magazi ndipo BP inatsikiratu. Anandiika madiripi a madzi, anandibaya jakisoni wopha tizilombo, BP osakwera. Adokotala analamula mankhwala okweza BP otchedwa dopamini. Mtima wanga unayamba kuthamanga mosokonekera ngati injini yothiridwa mafuta oipa, koma BP ili pansi pomwe. Jemima akuti manja anga anali atayamba kuzizira.

Apo ndi pamene munatulutsa kope lanu lija lachikuto chofiira. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi munkalembamo aliyense wofika ndi vuto ngati langa: tsamba la kumanzere olandira dopamini, la kumanja olandira adirenalini. Munkalemba msinkhu wake, kagundidwe ka mtima, ngati mkodzo wabwera, ndiponso ngati anabwerera kwawo ndi miyendo yake. Simunakangane ndi adokotala. Munangowatsegulira masamba, nkuwaonetsa anthu ena amene mtima wawo unasokonekera pa dopamini ngati wangawu. Anawerenga, anavomera kundisinthira ku adirenalini. Makina oyezera mlingo kunalibe, ndiye munakhala pambali panga ndi wotchi ija yokolowekera pa yunifolomu, kuwerenga madontho limodzilimodzi. Tsiku lachiwiri mkodzo unabwera, ndipo akuti munauyang'ana m'thumba lake mukuseka ngati mwatola golide.

Nditatsitsimuka sindinapeze chifundo ayi. Munandiuza kuti ndamaliza tibotolo ta adirenalini khumi ndi tinayi, timene munasainira dzina lanu, ndipo kabotolo kalikonse kanali koti kakanapulumutsa mayi wina wa ku Mgona amene alibe mlongo yemwe ndi nesi. Munati popeza ndimatama maulendo, ndikabweze. Ndinalumbira wodi yonse ikumva kuti ndibweretsa katoni yathunthu.

Ndinabweretsadi, Achemwali, ndipo mpaka lero Jemima amandiseka nazo. Ndinatigula ku Joni kwa munthu wa pakona, ndinatichotsa m'katoni kuti tisaoneke pachipata cha m'malire, nkutiyala kutsogolo kwa lole pafupi ndi galasi kuti ndizitiona. Dzuwa lonse la ku Tete linathera pomwepo. Ndinafika kwanu ndikuliza hutala kuti aneba atuluke. Munanyamula kamodzi, munakayang'anitsa pawindo, madzi ake atafiirira ngati tiyi. Munaseka mpaka kukhala pansi pakhonde, kenaka munati mankhwala si matumba a simenti: amafuna mthunzi, amafuna mapepala, amafuna wogulitsa wodziwika. Ndinachita manyazi, ndinati ulendo winawo ndikonza. Ulendo winawo unasanduka zaka ziwiri, ndipo matenda anakutengani ndisanabweze. Chimenechi chakhala chikundidya kuposa bala lija.

Amuna anu, alamu a Esau, akadali m'nyumba ija. Maluwa anu a pakhomo amawathirira okha, salola wina. Mnyamata wanu Sipho watalika kuposa ine ndipo amayimba besi m'kwaya yanu. Amayi a mumpingo amakutchulani nthawi iliyonse akamayendera odwala, chifukwa ndinu munawaphunzitsa kuti wodwala malungo akayamba kuzizira manja ndi kusokoneza mawu, asadikire kuti bambo abwere kuntchito. Jemima amalirabe akaona nesi wa wotchi pachifuwa.

Koma tamverani zokoma. Mwana wanu Chisankho ali chaka chachiwiri kusukulu ya unamwino, ndipo kope lofiira lili m'manja mwake. Ine ndinafuna kulikulungira m'pulasitiki nkumauza anthu kuti mlongo wanga anaposa madokotala a ku Ulaya. Iye anandiletsa ndi mawu anu omwe, olembedwa patsamba lomaliza: kuti odwala makumi anayi ndi ochepa, kuti ena anachira bwinobwino pa dopamini, ndipo wobwera pambuyo apitirize kulemba m'malo mongokhulupirira. Anzanu a muwodi anakopera mizere yanu m'kope latsopano, ndipo akulembabe. Akuti kunja kuli mankhwala achitatu, noradirenalini. Tsamba lake alisiyiratu lopanda kanthu, likudikira.

Tsopano nkhani yanga. Ine amene ndimadutsa zipata zitatu tsiku limodzi ndinakhala pabenchi miyezi isanu kudikira chilolezo cholowetsa mankhwala m'dziko muno, chipewa chili m'manja. Ndinagula kwa ogulitsa mankhwala ovomerezeka. Bokosi ndinaliika pamthunzi kuseri kwa mpando, ndipo pa Tete ndinalifunditsa jekete langa la suti, ine nkumatuluka thukuta. Lachiwiri lapitali ndinakapereka kuchipatala kwanu. Sisitala amene analowa m'malo mwanu ananyamula kamodzi, anakayang'anitsa pawindo monga munkachitira, madzi ake ali mbee. Ndisanatuluke pageti, tiwiri tinali titapita kale kwa mayi wina wa ku Chinsapo amene anadwala atangobereka. Dzulo Chisankho wandiuza kuti mayiyo wakhala tsonga, akuyamwitsa.

Munandiwerengera tibotolo khumi ndi tinayi, Achemwali. Ndabweza 140, ndipo hutala sindinalize.

Malinga mtima umene munauwerengera madonthowu ukugunda, dzina lanu silichoka pakamwa panga.

Medson ndi Jemima, alamu a Esau, Chisankho ndi Sipho
Kawale 2, Lilongwe, 9 Ogasiti 1998